Boma likaimitsa chithandizo cha ndalama: apilo, ngongole ndi zinsinsi za wolandira

Funso: Bambo anga akhala akulandira ndalama za boma zothandizira anthu olumala kwa zaka zingapo. Mwezi uno alandira kalata yonena kuti ndalamazo zaimitsidwa chifukwa "zimene zili m'kaundula" zikusonyeza kuti amapeza ndalama zina zimene sanaulule, ndipo awauza kuti abweze zimene analandira m'miyezi yapitayi. Ofesiyo ikufunanso masitetimenti a ku banki ndi mapepala a kuchipatala. Bambo akunenetsa kuti palibe ndalama zina zimene amapeza. Kodi tingachite bwanji apilo? Kodi tili ndi ufulu wokana kupereka mapepalawo, ndipo ndani analola boma kufufuza za ndalama zawo?

Yankho: Mafunso anuwa akuoneka ngati ali pawiri, ena a apilo ndi ena a zinsinsi, koma pa mlandu ngati uwu nkhani yake ndi imodzi. Chigamulo chimene bambo anu alandira chatsamira pa zinthu zimene zinalembedwa penapake zokhudza iwo, ndipo lamulo limene limateteza zinsinsi za munthu ndi lomwenso limam'patsa mphamvu yoona zimene ena alemba za iye ndi kuzikonzetsa zikakhala zolakwika. Anthu ambiri amalikumbukira lamulo limeneli akafuna kubisa mapepala awo, pamene phindu lake lalikulu kwa bambo anu lili pa kukakamiza ofesiyo kuti itsegule fayilo yake. Masiku enieni ndi mayina a mabungwe zimasiyana dziko ndi dziko, koma maziko ake amafanana kwambiri, choncho nditchula malamulo a mayiko angapo pamene akuunikira bwino mfundo.

Tisanafike ku fayiloyo, yang'anani deti limene lalembedwa pamwamba pa kalatayo, chifukwa nthawi inayamba kale kuwerengedwa. Timati mlandu suwola, koma apilo ya chithandizo cha boma imawola, ndipo imawola msanga. Ku Britain, munthu amene sakugwirizana ndi chigamulo cha unduna woona za ntchito ndi penshoni (DWP) amapatsidwa mwezi umodzi kuchokera pa deti la kalata kuti apemphe undunawo kuunikanso chigamulo chake, ndipo akakanidwa amakhala ndi mwezi wina umodzi wopitira ku bwalo loima palokha. Ku America, pa ndalama za boma zothandizira okalamba ndi olumala za Social Security, malire ndi masiku 60 kuchokera pamene munthu walandira kalata. Ku South Africa, amene wakanidwa kapena kuimitsidwa ndi SASSA, bungwe lolipira chithandizo cha boma, amakhala ndi masiku 90 oti achite apilo ku bwalo loona za madandaulo otere. Ku Malawi, amene akufuna kuti High Court iunike chigamulo cha ofesi ya boma ayenera kupereka pempho lake mwachangu, miyezi itatu isanathe. Kalata yolembedwa bwino imatchula malire amenewa ndi kumene munthu angakadandaule. Ngati ya bambo anu sinatchule, chimenecho ndi cholakwika choti mudzachinene, koma musachiyese chilolezo chozengereza.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'chakuti amadikira mpaka atasonkhanitsa umboni wonse, nthawi n'kuwathera ali m'kati mofunafuna mapepala. Apilo sifuna umboni wonse pa tsiku loyamba. Kalata yaifupi ndi yokwanira, bola ikhale ndi dzina la bambo anu, nambala ya fayilo yawo, deti la chigamulo, mawu akuti sakugwirizana ndi kuimitsidwa kwa ndalama komanso ndi ngongole imene akuwanenera, ndi mawu akuti umboni ubwera pambuyo. Ngati ofesiyo ili ndi fomu yake, gwiritsani ntchito fomuyo. Tchulani zonse ziwiri, kuimitsidwa ndi ngongole, chifukwa m'malamulo ambiri zimenezi ndi zigamulo ziwiri zosiyana, ndipo amene wadandaula za chimodzi chokha angapezeke kuti chinacho wachisiya chikhazikike. Sungani kope la kalatayo, ndipo ngati mwapereka pamanja, wolandirayo adinde chidindo ndi kulemba deti pa kope lanulo, popeza dandaulo la pakamwa kapena la pa foni silisiya mapazi pakadzabuka mkangano woti munadandaula liti. M'kalata yomweyo funsani ngati ndalama zingapitirire kuperekedwa, ndiponso ngati kutolera ngongole kungayambe kwaima, pamene apilo ikuyenda. Ku America, pa mitundu ina ya zigamulo, ndalama zimapitirira ngati munthu wachita apilo masiku 10 asanathe, ngakhale kuti akadzagonja angauzidwe kubweza. Ndipo ngati nthawi yatha kale, lembani ndithu ndi kufotokoza chimene chinakuchedwetsani, monga kudwala kapena kufika mochedwa kwa kalata. Ku Britain pempho lochedwa limatha kulandiridwa mpaka miyezi 13 ngati pali chifukwa chomveka.

Mukateteza nthawi, funani zifukwa. Mawu akuti "zimene zili m'kaundula zikusonyeza" si chifukwa chimene munthu angayankhe, popeza sakutchula kaundula wake, kuchuluka kwa ndalama, miyezi yake kapena kumene akuti ndalamazo zinachokera. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwa ndondomeko yachilungamo, komanso ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Ku South Africa lamulo la PAJA la mu 2000 limalola munthu kupempha zifukwa masiku 90 asanathe, ndipo ofesi ikalephera kuzipereka, khoti limayamba ndi ganizo lakuti chigamulocho chinapangidwa popanda chifukwa chabwino, pokhapokha ofesiyo itabweretsa umboni wotsutsa. Ku America, mu 1970, khoti lalikulu kwambiri linagamula pa mlandu wa Goldberg v. Kelly kuti akuluakulu a ku New York sankayenera kuimitsa chithandizo cha anthu osauka asanawapatse mwayi womva umboni wowatsutsa ndi kuyankhapo. Chifukwa chimene khotilo linapereka chikadali chomveka mpaka lero: munthu amene alibe kwina kodalira, akamulanda chithandizo amathera mphamvu zake zonse posaka chodyera tsiku limenelo, moti sangathenso kulimbana ndi mlandu wake. Choncho pemphani molemba kuti akuuzeni ndime ya lamulo imene agwiritsa ntchito, ndalama zimene akuti bambo anu anapeza mwezi ndi mwezi, bungwe limene linapereka chiwerengerocho, ndi masamu amene awerengera ngongoleyo. Funsaninso ngati chithandizo chimene bambo anu amalandira chimadaliradi pa ndalama zimene munthu amapeza, chifukwa si chonse chimatero. Ku Britain ndalama za PIP zimaperekedwa poona ulumali wokha, pamene ndalama za olumala za SASSA ndi za SSI ku America zimayang'ana zimene munthu amapeza ndi chuma chimene ali nacho. Ngakhale kumene zimayang'anidwa, pamakhala mlingo wina umene munthu amaloledwa kupeza osataya chithandizo.

Apa m'pamene lamulo loteteza zinsinsi limayamba kukugwirirani ntchito. M'mayiko a European Union, lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limapatsa munthu ufulu wopempha kope la zonse zimene bungwe likusunga zokhudza iye, kuphatikizapo kumene linazitenga ndi amene lawapatsako, ndipo bungwelo liyenera kuyankha mwezi usanathe, kawirikawiri popanda malipiro, ngakhale lingawonjezere miyezi iwiri ngati pempholo ndi lovuta. Britain inasunga malamulo ofananawo itatuluka m'mgwirizanowo. Kenya inakhazikitsa lamulo lake mu 2019, Zambia mu 2021, POPIA ya ku South Africa inayamba kutsatidwa mokwanira mu July 2021, ndipo Malawi anakhazikitsa lake mu 2024 n'kupereka udindo woliyang'anira ku MACRA. Malamulo onsewa amapereka ufulu woona ndi ufulu wokonzetsa. Pempholi lilembedwe pa pepala lakelake, losiyana ndi la apilo, ndipo lisainidwe ndi bambo anu eniake. Musangolemba kuti mukufuna fayilo, chifukwa mudzalandira mafomu amene bambo anadzaza okha, omwe mukuwadziwa kale. Tchulani kuti mukufuna zonse zimene ofesiyo inalandira kuchokera ku mabungwe ena pamodzi ndi madeti ake, zimene ogwira ntchito analemba pa fayiloyo, zolembedwa za mafoni amene anaimbirana, pepala la masamu a ngongole, ndi yankho lomveka ngati chigamulocho chinapangidwa ndi munthu kapena ndi kompyuta payokha. Funso lomalizali lili ndi ntchito, pakuti pansi pa GDPR ndi malamulo ena ofanana nalo, munthu amene chigamulo chachikulu chamugwera kuchokera ku kompyuta yokha amakhala ndi njira yopemphera kuti munthu weniweni achiunikenso. Ofesi ingabise zina, monga dzina la munthu amene anakaneneza, kapena zimene zingasokoneze kufufuza mlandu wa chinyengo. Kumbukiraninso kuti pempholi siliimitsa kuwerengedwa kwa masiku a apilo, n'chifukwa chake apilo iyenera kutsogola.

Fayilo ikabwera, iwerengeni mzere ndi mzere. Zolakwika zambiri zimakhala wamba: anthu awiri a mayina ofanana asakanizidwa, nambala ya chiphaso yalembedwa molakwika, kampani imene munthu anasiya kalekale ikumuikabe pa mndandanda wa antchito ake ku ofesi ya msonkho, ndalama zimene mwana anatumiza kuti zilipire chipatala kapena zimene zinangodutsa mu akaunti popita kwa wachibale wina zawerengedwa ngati malipiro, kapena ndalama zimene munthu anapeza kamodzi zagawidwa mofanana pa miyezi yonse ya chaka. Chomalizachi ndicho chinachititsa manyazi boma la Australia. Kuyambira mu 2016, ofesi yolipira chithandizo cha boma ya Centrelink inkatenga ndalama zonse zimene munthu anapeza pa chaka malinga ndi kaundula wa msonkho, n'kuzigawa mofanana pa zigawo 26 za milungu iwiriiwiri, kenako n'kuziyerekeza ndi zimene munthuyo ankanena pa nthawi imene ankalandira chithandizo. Munthu amene anagwira ntchito miyezi itatu n'kukhala pa ulova miyezi yotsalayo ankaoneka ngati ankalandira malipiro chaka chonse, kalata ya ngongole n'kumupeza, ndipo udindo wosonyeza kuti alibe ngongole unkasiyidwa kwa iye, nthawi zina pomufuna mapepala a malipiro a zaka zambiri zapitazo kuchokera kwa mabwana amene anatseka kale bizinesi. Mu November 2019, pa mlandu wa mayi mmodzi amene ankaimiriridwa ndi Victoria Legal Aid, boma linavomereza pamaso pa Federal Court kuti ngongole yowerengedwa motero inali yosemphana ndi lamulo. Anthu oposa 400,000 anakhudzidwa, ndipo komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Catherine Holmes inanena mu July 2023 kuti njirayo, yomwe inatchuka ndi dzina la Robodebt, inali yankhanza, yopanda chilungamo ndiponso yosavomerezeka mwalamulo. Kwa bambo anu, mfundo yake ndi yakuti chiwerengero chochokera mu kompyuta ya bungwe lina chimangopereka poyambira kufufuza, ndipo m'malamulo ambiri, ofesi imene ikufuna kusintha chigamulo chake chakale kapena kunena kuti munthu ali ndi ngongole ndiyo iyenera kusonyeza umboni wake.

Mwafunsa kuti ndani analola boma kufufuza za ndalama za bambo anu. Yankho lake silikoma kwenikweni, chifukwa kawirikawiri chimene chimalola ndi lamulo lenilenilo, chilolezo cha mwini wake sichifunika. Malamulo a chithandizo amapatsa nthambi za boma mphamvu yogawana zolembedwa za msonkho, za penshoni, za imfa ndi za ziphaso pofuna kuona ngati amene akulandira akuyeneradi, ndipo mafomu ambiri ofunsira chithandizo amakhala ndi ndime yodziwitsa zimenezi pafupi ndi posaina, ndime imene ambiri sitiiwerenga. Ngakhale khoti lalikulu la India, limene mu 2017 linagamula kuti kusunga chinsinsi ndi ufulu wachibadwidwe, mu 2018 linalola boma kupitiriza kufuna nambala ya chiphaso yotchedwa Aadhaar kwa olandira chithandizo. Koma mphamvuyi ili ndi malire ake: payenera kukhala lamulo lomveka bwino loiloleza, zofufuzidwazo zisapyole zimene zikufunika, ndipo munthu athe kudziwa zimene zamuchitikira. Pa 5 February 2020 khoti la ku The Hague linaletsa boma la Netherlands kugwiritsa ntchito SyRI, njira imene inkaphatikiza zolembedwa za nthambi zosiyanasiyana kuti ilozere anthu oti akayikiridwe, makamaka m'madera a anthu osauka, ndipo chifukwa chachikulu chinali chakuti njirayo inali yobisika kwambiri moti panalibe woona ngati ikuchita chilungamo. M'dziko lomwelo ofesi ya msonkho inanamizira mabanja oposa 20,000 kuti anachita chinyengo pa ndalama zothandizira kulipira osamalira ana, ndipo kukhala nzika ya mayiko awiri kunkawerengedwa ngati chizindikiro chokayikitsa. Nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo mu January 2021, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho ofesiyo inalipitsidwa chindapusa cha mayuro 2.75 miliyoni. Ngakhale zili choncho, maganizo anga ndi akuti musamange apilo ya bambo anu pa mfundo yakuti boma linaphwanya chinsinsi chawo. Bwalo lomva apilo limafuna kudziwa ngati munthuyo akuyenera kulandira chithandizo malinga ndi lamulo, ndipo mfundo imene imabweza ndalama ndi yakuti chiwerengerocho n'cholakwika kapena sichikukhudza iwo.

Pa nkhani yokana kupereka mapepala, kukaniratu ndi njira yachidule yotayira mlandu. Wolandira chithandizo ali ndi udindo wopereka umboni umene ofesi ikufunikira kuti igamule, ndipo m'mayiko ambiri kulephera kupereka umboni wopemphedwa kumakhala chifukwa chokwanira pachokha choimitsira ndalama, ngakhale munthuyo atakhala woyenera m'zonse. Komanso, ngati bambo anu akunena zoona, masitetimenti a ku banki ndiwo mboni yawo yamphamvu kuposa ina iliyonse. Chimene muli nacho ndi ufulu wofuna kuti pempholo lifanane ndi funso limene lilipo. Lembani kufunsa kuti akufuna a miyezi iti, a akaunti iti, ndiponso mwa lamulo liti. Ngati mkangano uli pa miyezi 6, ofesi imene ikufuna masitetimenti a zaka zisanu iyenera kufotokoza chifukwa chake. Ena amalangiza kufufuta mizere yosonyeza zimene munthu anagula, ndipo n'zoona kuti kumene bambo anu amagula mankhwala kapena bungwe limene amaperekako chopereka sizikhudza mlanduwu, koma musafufute musanafunse, ndipo ndalama zonse zolowa ndi zotsala mu akaunti zisiyeni zionekere. Sitetimenti yodzaza ndi mizere yakuda imadzutsa chikayikiro chimene munkafuna kuchithetsa. Chothandiza koposa ndi kulemba pepala lofotokoza ndalama iliyonse yolowa, tsiku lake, amene anatumiza ndi ntchito yake, n'kuphatikizapo kalata yosainidwa ndi wotumizayo. Perekani makope, mapepala enieni akhale kwa inu, ndipo lembani mndandanda wa zimene mwapereka kuti wolandira asainire. Nambala yachinsinsi ya khadi la ku banki kapena ya pa foni musaipereke kwa wina aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa boma, popeza akuba amakonda kuimbira foni anthu amene ali pa mavuto ngati amenewa n'kulonjeza kuti awabwezeretsa pa mndandanda.

Mapepala a kuchipatala ndi nkhani ina, ndipo pempho limeneli landidabwitsa. Kalatayo ikunena za ndalama zosaululidwa, ndipo mbiri ya matenda a munthu siyankha funso la ndalama. Malamulo oteteza zinsinsi amaika za umoyo m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, choncho funsani molemba kuti mapepalawo akufunidwa pa ntchito yanji. Mwina ofesiyo ikuunikanso ulumali wa bambo anu pa nthawi yomweyo, ndipo ngati zili choncho, imeneyo ndi ndondomeko ina yoyenera kukhala ndi chidziwitso chake, chigamulo chake ndi apilo yake. Pamenepo perekani kalata ya dokotala yofotokoza mmene ulumaliwo umawalepheretsera kugwira ntchito kapena kudzisamalira, pamodzi ndi zotsatira za kupimidwa kokhudzana ndi vutolo. Mukapatsidwa fomu yololeza ofesi kulankhula ndi chipatala, iwerengeni musanasaine, ndipo pemphani kuti chilolezocho chikhale cha matenda okhudzana ndi chithandizochi ndi cha nthawi yotchulidwa, osati cha fayilo yonse ya moyo wawo.

Ngongole imene akuwanenera ili ndi mafunso atatu amene ofesi zimakonda kuwapanga limodzi: ngati analandiradi zoposa zoyenera, ngati chiwerengero chake n'cholondola, ndiponso ngati lamulo limalola kuti zibwezedwe. Funso lachitatuli ndi limene anthu ambiri salidziwa. Ku Britain, pa mitundu ina ya chithandizo, boma limangofuna kubwezeredwa ndalama zake ngati wolandirayo ananena zabodza kapena sanaulule chimene ankayenera kuulula, pamene pa chithandizo chotchedwa Universal Credit limatha kuzifuna ngakhale cholakwa chitakhala cha ofesi. Ku America munthu angapemphe kuti akhululukidwe ngongole ya Social Security ngati cholakwa sichinali chake ndipo kubweza kungamusiye wopanda zofunika pa moyo. Choncho ngati bambo anu anadziwitsapo ofesi za kusintha kulikonse, funani umboni wake m'fayilo muja. Asasaine pepala lovomereza ngongole kapena ndondomeko yobweza pang'onopang'ono apilo isanathe. Ngati akakamizika kuyamba kulipira, alembe kuti akulipira popanda kuvomereza ngongoleyo, ndipo apemphe kuti zodulidwa zichepetsedwe mogwirizana ndi zimene angakwanitse.

Pali chinthu china chimene mwana wa munthu savutika kuchinyalanyaza. Khalani pansi ndi bambo anu muwafunse modekha ngati panali kantchito kena, nyumba yochititsa lendi, penshoni yaing'ono ya ku ntchito yakale kapena akaunti imene anatsegulira wachibale m'dzina lawo. Anthu achikulire ambiri saziwerenga zimenezi ngati ndalama zimene amapeza, pamene lamulo limatha kuziwerenga. Ngati chilipo, chinenedwe msanga ndi kufotokozedwa, chifukwa kusadziwa ndi kubisa mwadala zimaweruzidwa mosiyana kwambiri, ndipo bodza lonenedwa pa apilo limasandutsa nkhani ya ngongole kukhala mlandu wa chinyengo. Akaitanidwa kukafunsidwa mafunso ndi ofufuza za chinyengo, makamaka ngati auzidwa kuti zonena zawo zingagwiritsidwe ntchito ku khoti, asapite okha ndipo asayankhe asanaonane ndi loya. Mayiko ambiri ali ndi mabungwe opereka maloya kwa anthu osauka, monga Legal Aid Bureau ku Malawi ndi Legal Aid South Africa.

Masitepe a apilo ndi osavuta kuwafotokoza. Poyamba ofesi yomweyo imaunikanso chigamulo chake, ndipo musadabwe ikabwereza zimene inanena kale. Kenako pamabwera bwalo loima palokha, kumene lilipo, limene limamva nkhani yonse mwatsopano ndipo limatha kusintha chigamulo. Bambo anu akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa kukaonekera ndi kuweruzidwa pa mapepala okha, asankhe kukaonekera, chifukwa oweruza amatha kufunsa ndi kumva zimene fomu sinene. Pamwamba pake pali khoti, limene nthawi zambiri limangoona ngati lamulo ndi ndondomeko zinatsatidwa, n'kubweza nkhaniyo kuti igamulidwenso. Ofesi ya Ombudsman ndi yothandiza pa kuchedwa, kusayankha makalata ndi nkhanza za ogwira ntchito, ndipo salipiritsa, koma kukadandaula kumeneko sikuimitsa masiku a apilo kapena a khoti.

Dandaulo la zinsinsi lili ndi khomo lakelake, lomwe ndi bungwe loyang'anira lamulo loteteza zinsinsi, monga ICO ku Britain, Information Regulator ku South Africa ndi MACRA ku Malawi. Pitani kumeneko ngati ofesi yakana kuonetsa fayilo, yakana kukonza cholakwika, kapena yapereka za bambo anu kwa anthu osayenera. Chomalizachi chinachitikapo pa mlingo waukulu: pa 17 March 2017, pa mlandu umene bungwe la Black Sash linabweretsa, Constitutional Court ya ku South Africa inalamula kuti zolembedwa za olandira chithandizo, zimene zinali m'manja mwa kampani yolipira ya Cash Paymaster Services, zisagwiritsidwe ntchito pa china chilichonse kupatula kulipira chithandizocho, ndipo zisakhale njira yotsatsira anthu malonda. Bambo anu akayamba kulandira mafoni otsatsa ngongole kapena inshuwalansi kuchokera kwa anthu odziwa tsiku limene amalandira ndalama, lembani manambala ndi madeti ake. Inunso muli ndi mbali yanu pa chinsinsi chawo. Kukhala mwana wawo sikukupatsani mphamvu yowalankhulira, ndipo ofesi imene ikukana kukuuzani za fayilo yawo popanda chilolezo ikuchita bwino. Asaine kalata yokulolani kuwaimira, yotchula dzina lanu ndi nkhani imene mukuwaimirayo, ndipo ngati matenda awafooketsa moti sangathe kupanga chisankho, funsani ndondomeko yosankhira wowaimira mwalamulo. Pofunafuna malangizo, musaike chithunzi cha kalatayo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, chifukwa dzina, nambala ya chiphaso ndi nambala ya fayilo zili pomwepo.

Apilo ikayenda bwino, pemphani molemba kuti ndalama za miyezi yonse imene zinaimitsidwa ziperekedwe, ngongoleyo ifufutidwe, ndipo zimene zinadulidwa kale zibwezedwe. Koma chigamulo cha bwalo chimangokonza chithandizo, sichikonza kaundula amene anayambitsa vutoli. Ngati cholakwika chinachokera ku ofesi ya msonkho, ku kampani yakale kapena ku kaundula wa ziphaso, chidzakhalabe komweko, ndipo ulendo wotsatira umene makompyuta adzayerekeze zolembedwa, kalata yofananayo idzabweranso. Tumizani pempho lokonzetsa ku bungwe limene linapereka chiwerengerocho, muphatikizepo kope la chigamulo cha apilo, ndipo mupemphe kuti lidziwitse mabungwe onse amene linawapatsa cholakwikacho, komanso kuti likuyankheni molemba tsiku limene lakonza.